Likoma: chilumba cha Malawi m'madzi a Mozambique

Aliyense amene anayang'anitsitsapo mapu a dziko lathu anaona kuti mzere wa malire ukafika panyanja umachita zachilendo. Kumpoto pang'ono kwa Makanjira mzerewu umasiya mtunda n'kulowa m'madzi, kenaka umayenda pakati penipeni pa nyanja kulunjika kumpoto, ndipo madzi onse a kuvuma kwake ndi a Mozambique. Koma mkati mwa madzi a Mozambique omwewo muli timizere tiwiri tozungulira ngati zibangili, ndipo m'kati mwa timizereto muli zilumba ziwiri zokweza mbendera ya Malawi, Likoma ndi Chizumulu. Munthu akaima pagombe la kuvuma kwa Likoma amaona bwinobwino mapiri a Mozambique ndi utsi wa m'midzi ya ku Kobwe, pakuti pakati pali makilomita pafupifupi 7 okha. Kuti akafike ku Nkhata Bay, doko la dziko lake lomwe, ayenera kuoloka makilomita pafupifupi 70 a madzi akuya. Nkhope ya chilumbachi inaloza ku Mozambique pamene zikalata zake zinaloza ku Malawi, ndipo mbiri yake yonse yakhala ikuyenda pakati pa ziwirizi.

Likoma si chilumba chachikulu. M'litali ndi makilomita pafupifupi 8, ndipo malo ake onse ndi masikweya kilomita 18. Munthu wa miyendo yabwino akanyamuka kunsonga ya kumpoto itangotha swala ya Fajr, amafika kunsonga ya kummwera nthawi ya Dhuhr ikali kutali. Chizumulu, chimene chili kuzambwe kwake, n'chaching'ono koposa, masikweya kilomita 3 basi. Zilumba ziwirizi pamodzi ndizo boma la Likoma, boma laling'ono kuposa onse m'Malawi, limene linapatulidwa ku Nkhata Bay kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mfumu yaikulu ya derali ndi Mkumpha. Maofesi a boma ndi msika zili ku Mbamba, pafupi ndi Chipyela, ndipo midzi ina yodziwika ndi monga Makulawe, Yofu, Ulisa, Khuyu, Mbungo ndi Nkhwazi. Malo okwera koposa ndi phiri la Macholo.

Anthu ambiri amamasulira dzina la Likoma kuti ndi malo okoma, ndipo kwa maso n'zoonadi: magombe a mchenga woyera, madzi oonekera mpaka pansi, matanthwe akuluakulu osanjikizana, mitengo ya mango ndi milambe yochuluka kwambiri. Koma khasu silivomereza dzinali. Munthu wa kwa Khwethemule ku Thyolo, wozolowera dothi lofiira lakuya, timitsinje toyenda chaka chonse m'zigwa za tiyi ndi mvula ya chiperoni m'miyezi yozizira, atafika pa Likoma akhoza kufunsa kuti kodi anthu kuno amadya chiyani. Dothi ndi lamchenga ndi miyala. Palibe mtsinje woyenda chaka chonse. Mvula imagwa yocheperapo poyerekeza ndi ya ku Nkhata Bay, tsidya lina la nyanja yomweyo. Chimanga sichichita bwino, choncho chakudya cha makolo chakhala chinangwa, nsima ya kondowole, ndipo ndiwo ndi usipa, utaka, ncheni ndi kampango. Mtambo wa nkhungu ukatera pagombe, nawonso ndi ndiwo.

Mlambe, monga tikudziwa, suyaka bwino pamoto ndipo sumangira nyumba. Apa ndiye pagona nkhani. Nkhuni, mitengo yomangira, nsungwi, udzu wofolera ndi gawo lina la chakudya zakhala zikuchokera kutsidya, kugombe la Mozambique, pa mabwato ndi zombo za matanga. Ngakhale doko lenileni la chilumbachi, pamene sitima zimaima mobisala ku mafunde, lili mbali ya kuvuma, kuyang'anizana ndi Kobwe. Mphepo ya mwera ikayamba kukuntha, cha m'mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala, ulendo wa kuzambwe umakhala wa anthu olimba mtima, pamene wa kuvuma ndi waufupi. Mlengi anachiika chilumbachi pakhomo pa gombe la kuvuma, ndipo eni ake oyamba anali Anyanja a gombe lomwelo, abale a anthu a ku Kobwe, Chia, Msumba ndi Ngoo. Chinyanja cha pa Likoma n'chimodzimodzi ndi cha ku Kobwe, chosiyana m'mawu ena ndi m'katchulidwe ndi Chichewa cha ku Lilongwe kapena Chimang'anja cha ku Shire. Chitonga chimamvekanso, makamaka pa Chizumulu.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu anadzazana pamalo ouma chotere, gombe lachonde lili pafupi? Yankho lake ndi nkhondo. Kuyambira cha m'ma 1860 mpaka m'ma 1890, Angoni a ku Songea, amene anthu a kunyanja ankawatcha Magwangwara, ankatsika m'mapiri nthawi ya chilimwe kudzafunkha midzi ya gombe la kuvuma. Ankalanda chakudya ndi ziweto, n'kugwira anthu. Anyanja anayesa njira zosiyanasiyana. Ena anamanga malinga, ena anabisala m'bango, ena anakhoma mitengo m'madzi n'kumanga nyumba pamwamba pake. Koma linga lodalirika kuposa onse linali nyanja yeniyeniyo. Angoni anali ankhondo a pamtunda, odziwa chishango ndi nthungo, osati nkhafi. Makilomita 7 a madzi anali okwanira. Munthu ankalolera kudya kondowole wochepa pa Likoma, n'kumaoloka masana kukalima kapena kukatola nkhuni kutsidya, bola agone tulo usiku. Umu ndi mmene chilumbachi chinayambira ntchito imene chaigwira mobwerezabwereza kufikira m'masiku athu, ntchito yolandira othawa.

Zaka zomwezo nyanja inalinso msewu wa malonda. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdallah, amene tonse timamudziwa ndi dzina la udindo wake loti Jumbe, anakhazikika ku Nkhotakota n'kuyamba kukhoma zombo za matanga zonga za ku Zanzibar. Zombozi zinkaoloka nyanja kuchokera ku Nkhotakota kupita ku madoko a gombe la kuvuma monga Losefa, kummwera kwa Likoma, ndipo kuchokera kumeneko amtengatenga ankadzera m'dziko la Ayao, ku Mwembe kwa mfumu Mataka, mpaka kukafika ku Kilwa, kunyanja ya mchere. Kummwera, mfumu Makanjira nayo inali ndi zombo zake, ndipo cha m'ma 1870 inalowa Chisilamu.

Pano tiyenera kulankhula mosapsatira, pakuti nkhaniyi ikutikhudza. Zombo zimenezi zinabweretsa nsalu, mikanda, mbewu ya mpunga imene Nkhotakota imatchuka nayo mpaka lero, luso lolemba ndi zilembo za Chiarabu, ndiponso aphunzitsi oyamba a chipembedzo chathu. Zombo zomwezo zinanyamula minyanga ya njovu, ndipo pansi pake munkagona anthu omangidwa, ogwidwa m'midzi ya Achewa ndi mitundu ina, amene sanaonenso kwawo. Amene amauza ana ake theka loyamba lokha amawanamiza, ndipo amene amawauza theka lachiwiri lokha, monga ankachitira mabuku ena a sukulu a nthawi ya atsamunda, nayenso amawanamiza. Likoma inali pambali pang'ono pa msewu waukuluwu, koma pafupi mokwanira kuti aliyense wofuna kuyang'anira zochitika panyanja aisirire.

Amene anaisirira anali amishoni a Chingerezi a Universities' Mission to Central Africa, mwachidule UMCA, a mpingo wa Anglican. Iwowa anali atayesapo kale m'dziko muno. M'chaka cha 1861, motsogozedwa ndi David Livingstone, anamanga ku Magomero m'boma la Chiradzulu, koma analowerera nkhondo za pakati pa Ayao ndi Amang'anja, njala ndi malungo zinawagwira, ndipo bishopu wawo Charles Mackenzie anamwalira mu Januwale 1862 pa kachilumba ka pamene Ruo amathira mu Shire. Otsala anasamukira ku Zanzibar m'chaka cha 1864, ndipo panapita zaka zambiri asanabwererenso. Pobwerera sanadzere ku Shire. Anatsata njira ya malonda ija, kuchokera kugombe la nyanja ya mchere kudzera m'dziko la Ayao. William Percival Johnson anafika ku Mwembe m'chaka cha 1880 n'kukhala kwa Mataka, koma chaka chotsatira anathamangitsidwa, anthu atamuganizira kuti ndiye anaululira Angerezi a kugombe za ulendo wina wa akapolo. M'chaka cha 1882 anafika panyanja pamodzi ndi mnzake Charles Janson, amene anamwalira atangofika kumene.

Johnson anali munthu wouma mutu modabwitsa. Matenda a maso anamusiya wosaona bwino moyo wake wonse, koma anayendayenda m'gombe la kuvuma zaka zoposa 40, mpaka anamwalira ku Liuli, m'dziko la Tanganyika, m'chaka cha 1928. Nzeru yake inali yakuti, popeza midzi yonse ya Anyanja ili m'mphepete mwa madzi, mishoni isakhale nyumba ya pamtunda imene Magwangwara angaitenthe, koma ikhale sitima yoyendera midziyo. Sitimayo inabwera zidutswazidutswa, inalumikizidwa ku Matope pa mtsinje wa Shire, ndipo anaitcha Charles Janson. Koma sitima imafuna doko lobisika ndi malo osungira katundu kumene adani sangafike. M'chaka cha 1885, Bishopu Charles Smythies anapempha malo pa Likoma, mfumu Chiteji ya kugombe la kuvuma inavomera, ndipo mishoni inakhazikika. Taonani kuti chilolezo chinachokera kutsidya. Pa nthawiyo palibe amene ankakayika kuti chilumbachi ndi cha gombe la kuvuma. Taonaninso kuti azunguwa anabwera pa chifukwa chomwe chija chimene chinabweretsa Anyanja: nawonso ankafuna pobisala.

Malo amene anapatsidwa ankatchedwa Chipyela, ndiye kuti popsera, chifukwa ndi pamene ankatenthera anthu oganiziridwa ufiti. Chauncy Maples, amene anafika m'chaka cha 1886, ndiye anayendetsa mishoniyo zaka zoyambirira. Anatsegula sukulu za anyamata ndi atsikana, anabweretsa makina osindikizira mabuku, ndipo m'chaka cha 1893 anayamba kutulutsa kanyuzipepala kotchedwa Nyasa News. M'chaka cha 1895 anadzozedwa ku London kukhala bishopu wa Likoma, koma pampando wake sanakhalepo. Pobwerera, pa 2 Seputembala 1895, bwato lake lachitsulo la matanga linagubuduzika ndi namondwe kufupi ndi Salima, ndipo iye anamira. Mtembo wake utapezeka anakauika ku Nkhotakota, m'mudzi wa ma Jumbe, kumene amishoniwo anali atangotsegula kumene nthambi yawo chaka chapitacho. Manda ake ali komweko mpaka lero. Sitima yachiwiri ya mishoni, imene inapangidwa ku Glasgow n'kulumikizidwa kwa Mponda ku Mangochi, inalowa m'madzi m'chaka cha 1901 ndipo inatenga dzina lake.

Pa Chipyela pomwepo anamangapo tchalitchi chachikulu cha St Peter, chimene alendo onse amapita kukaona. Mwala wa maziko unaikidwa mu Januwale 1903 ndi Bishopu Gerard Trower, wojambula mapulani ndi kuyang'anira ntchito anali Frank George, ndipo nyumbayo inapatulidwa kotheratu m'chaka cha 1911. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 100. Miyala inaswedwa pachilumba pomwepo, koma zambiri zotsala zinachita kuolotsedwa pamadzi, ndipo amene anasenza ndi kumanga anali amuna ndi akazi a pa Likoma ndi a kutsidya. Mkati muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, ku Zambia, umene pansi pake anakwirira mtima wa Livingstone. Munthu sayenera kukhala wa mpingo umenewo kuti avomereze kuti amisiri aja ankaidziwa ntchito yawo.

Tsopano tibwerere ku funso la mapu lija, ndipo yankho lake likuyambira kutali ndi nyanja, kumunsi kwa mapiri a Thyolo. Apwitikizi ankati dziko lonse la Shire ndi nyanja ndi lawo kuyambira kalekale. M'chaka cha 1889 anatumiza gulu la asilikali lotsogozedwa ndi Serpa Pinto kukwera ndi mtsinje wa Shire, ndipo mu Novembala chaka chomwecho gululi linamenyana ndi Makololo a mfumu Mlauli, amene anali atalandira mbendera za Angerezi. Ku Britain, mipingo ya ku Scotland imene inali ndi mishoni ku Blantyre ndi ku Livingstonia inakuwa kwambiri, ndipo pa 11 Januwale 1890 nduna yaikulu Lord Salisbury inalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake msangamsanga. Portugal inagonja. Pangano la pa 11 Juni 1891 ndilo linadula malire: mtsinje wa Ruo unakhala malire kummwera, ndipo gawo lalikulu la gombe la kuvuma kwa nyanja linapita kwa Apwitikizi. Koma Likoma ndi Chizumulu zinatsala m'manja mwa Angerezi, pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti pa Likoma panali likulu la amishoni awo. Cholembera chimene chinasandutsa Ruo kukhala malire a Thyolo ndi Mulanje ndi chomwecho chimene chinadula Likoma ku Kobwe. Chiteji, amene anapereka malo aja zaka 6 m'mbuyomo, sanafunsidwe.

Zotsatira zake zinaoneka msanga. Gombe la kuvuma linaperekedwa kwa kampani yotchedwa Companhia do Niassa, imene inalamulira kumpoto kwa Mozambique mpaka 1929. Kampaniyi inalibe chuma china choposa anthu, choncho inkadalira msonkho wa nyumba ndi ntchito yokakamiza. Asilikali ake atakhazikika ku Mtengula, kumene lero pamapu pamalembedwa Metangula, anthu a m'midzi ya m'gombe anayambanso kuyang'ana kuchilumba. Magwangwara anali atasiya kubwera, koma wokhometsa msonkho anali atalowa m'malo mwawo, ndipo nayenso mphamvu zake zinkathera pamadzi. Ayao a kwa Mataka anakana ulamulirowu mpaka 1912, pamene Mwembe inagwa ndipo anthu ambiri anathawira ku Tanganyika ndi ku Nyasaland. Akuluakulu a ku Thyolo akuidziwa nyimbo imeneyi, pakuti m'zaka zomwezo Alomwe ankaoloka Ruo kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzagwa m'manja mwa thangata m'minda ya azungu. Kusiyana kwake n'kwakuti wothawira ku Thyolo anapeza khasu la mzungu likumudikira, pamene wothawira ku Likoma anapeza sileti ndi choko.

Sukulu ndiyo inasandutsa chilumba chosabereka chimanga kukhala chobereka anthu ophunzira. Amishoni anatsegula koleji ya aphunzitsi ya St Michael, imene inayambira ku Kobwe isanasamukire pachilumba, ndiponso koleji ya ansembe ya St Andrew. Panali chipatala, ndi malo ophunzitsira ukalipentala, zomangamanga ndi kusindikiza. Johnson ndi anzake a Chinyanja anamasulira Baibulo lonse m'Chinyanja cha kunyanja, ndipo linatuluka m'chaka cha 1912, zaka 10 lisanatuluke la Chinyanja chogwirizanitsa limene mipingo ina inagwiritsa ntchito. Mwa anthu akuda amene anagwira ntchito pansi pa Likoma tingatchule Augustine Ambali, amene anaomboledwa ku ukapolo ali mwana n'kudzakhala zaka zambiri ku Msumba. Leonard Kamungu wa ku Chia, amene anadzozedwa unsembe m'chaka cha 1909 n'kukamwalira ku Msoro, m'dziko la Zambia, m'chaka cha 1913. Ndi Josiah Mtekateka, mwana wa pa Likoma, amene m'chaka cha 1965 anakhala Mmalawi woyamba kudzozedwa ubishopu mu mpingo wa Anglican.

Pali dzina limodzi limene Myao aliyense ayenera kulidziwa: Yohanna Barnaba Abdallah. Iyeyu anali wansembe wa mishoni yomweyi, ndipo anakhala zaka zambiri ku Unangu, m'mapiri a kuvuma kwa nyanja, pakati pa Ayao amene ambiri a iwo ankalowa Chisilamu iye akuona. Kumeneko anasonkhanitsa mbiri kwa akuluakulu n'kulemba m'Chiyao buku lotchedwa Chiikala cha Wayao, limene linasindikizidwa ku Zomba m'chaka cha 1919. Zambiri zimene ophunzira amanena lero za chiyambi cha Ayao, za maulendo awo a ku Kilwa ndi za ufumu wa Mataka zimachokera m'buku limeneli. Mbiri ya mafumu athu a Chisilamu inasungidwa ndi cholembera cha wansembe wa ku Likoma, ndipo sitichepa povomereza zimenezi.

Makolo athu a ku Nkhotakota, Salima, Mangochi ndi Machinga anaziona sukulu zimenezi, ndipo ambiri anakana kutumizako ana awo. Si kuti anali osadziwa ubwino wa kulemba, pakuti ma Jumbe ndi a Makanjira ankalemberana makalata m'Chiswahili ndi zilembo za Chiarabu. Anakana chifukwa sukulu ya mishoni inali khomo la ubatizo, ndipo mwana ankapita ali Saidi n'kubwerako ali ndi dzina lina. Boma la atsamunda linasiya maphunziro onse m'manja mwa mipingo, moti nthambi yake ya zamaphunziro inayamba m'chaka cha 1926. Makolowo anasunga chimene anafuna kusunga, ndipo madrasa anakula. Koma mtengo wake unali wowawa: pamene boma ndi makampani ankafuna makalaliki, omasulira, othandiza madokotala ndi oyendetsa sitima, ana a pa kachilumba ka makilomita 8 anapezeka okonzeka, pamene ana a maboma athu akuluakulu anatsalira ku usodzi, utelala ndi ntchito za m'nyumba za azungu. Mpata umenewo tikuutsekabe mpaka lero.

Likoma nayo inalipira. Munthu wodziwa Chingerezi ndi masamu analibe chochita pachilumba chopanda minda ndi mafakitale, choncho anakwera sitima. Ana a pa Likoma anabalalikira ku Zomba ndi Blantyre, ku Salisbury ndi Bulawayo, ku migodi ya Joni ndi ya Copperbelt, mpaka ku Dar es Salaam. Pamudzi pankatsala amayi, ana ndi okalamba, kudikira kalata ndi ndalama za pa positi. Ena ankabwera ndi masuti ndi nsapato zoyera zovinira malipenga, ena anakhala matchona. Ngakhale mpingo umene unatchukitsa chilumbachi unaona kuti n'kovuta kuyendetsa ntchito za dziko lonse uli pakati pa madzi, ndipo bishopu anasamukira kumtunda, mpaka likulu linakakhazikika ku Malosa. Anthu ambiri a pa Likoma ndi a Anglican mpaka pano, ndipo Asilamu ndi ochepa.

Mizere yozungulira ija inajambulidwa mochedwa. Pansi pa mapangano oyamba, Apwitikizi anali ndi gombe koma madzi sanali awo. Pa 18 Novembala 1954, Britain ndi Portugal anasainirana pangano lina ku Lisbon, limene linasuntha malire kuchoka pagombe kupita pakati pa nyanja. Pamenepo ndi pamene Likoma ndi Chizumulu zinapezeka zazunguliridwa ndi madzi a eni. Panganolo linasiyira chilumba chilichonse lamba wa madzi wa mamailosi awiri a panyanja, ndiye kuti makilomita osakwana 4, ndipo pamene mpata wa pakati pa Likoma ndi mtunda uli wochepa, madziwo anagawidwa pakati. Dziko la Malawi litalandira ufulu m'chaka cha 1964 linatengera malire omwewa. N'chifukwa chake ndi Mozambique tilibe mkangano wa nyanja wonga umene tili nawo ndi Tanzania. Kumpoto kuja pangano la Angerezi ndi Majeremani la 1890 linaika malire pagombe ndipo silinasinthidwe ndi pangano lina, choncho Malawi imati madzi onse ndi ake pamene Tanzania imafuna mzere wa pakati. Mkanganowo unabuka m'chaka cha 1967, n'kudzukanso m'chaka cha 2012 nkhani yofufuza mafuta pansi pa nyanja itamveka.

Chaka chomwe Malawi inalandira ufulu, kutsidya kunayamba moto. Mu Seputembala 1964 gulu la Frelimo linayamba nkhondo yomenyera ufulu wa Mozambique, ndipo Kobwe inali imodzi mwa malo oyamba kumveka mfuti m'chigawo cha Niassa. Apwitikizi anayankha ndi ukali. Anaika maboti ankhondo ku Mtengula, anatentha midzi ya m'gombe, ndipo anagwira aphunzitsi ndi akuluakulu a mpingo powaganizira kuti akudyetsa zigawenga. Anthu anakwera mabwato usiku, monga anachitira agogo awo pothawa Magwangwara, n'kukocheza pa Likoma ambirimbiri. Boma la Dr Banda linali paubwenzi ndi Apwitikizi, koma anthu a pachilumba sanafunse za ndale. Obwerawo anali atsibweni, azakhali ndi apongozi awo, ndipo chibale ndi fupa, sichiola. Mozambique italandira ufulu m'chaka cha 1975 ambiri anabwerera, koma posakhalitsa nkhondo ya pachiweniweni ya Frelimo ndi Renamo inawathamangitsanso, mpaka pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Tchalitchi chachikulu cha Akatolika ku Kobwe chinatsala chigumukire, chikuonekera kuchokera panyanja. M'zaka zimenezo chilumba chimene chinkadalira kutsidya pa nkhuni ndi chakudya chinayenera kudyetsa eni kutsidyawo, pamene njira yokatenga zinthuzo inali yoopsa.

Chingwe chimene chimamangirira Likoma ku Malawi ndi sitima. Sitima ya Vipya itamira kumpoto kwa nyanja mu Julayi 1946, n'kupha anthu 145, kampani ya njanji inaitanitsa ina ku Scotland. Imeneyo ndi Ilala, imene inalumikizidwa ku Monkey Bay n'kuyamba ntchito m'chaka cha 1951. Mibadwo itatu ya anthu a pa Likoma yawerenga masiku a sabata potsata kulira kwa sitimayi. Ufa, shuga, sopo, simenti, malata, mafuta, mankhwala a kuchipatala, mwana wopita ku sekondale ya kumtunda, maliro ochokera ku Blantyre, zonse zadzera pa Ilala, ndipo matumba a usipa ndi utaka wouma atulukira pomwepo. Kwa zaka zambirimbiri panalibe pokocheza sitima yaikulu, moti inkaima patali ndipo anthu ankatsikira m'maboti ang'onoang'ono, n'kumaliza ulendo akuyenda m'madzi ofika m'chiuno, katundu ali pamutu, nthawi zina pakati pa usiku. Ilala ikaima kuti ikonzedwe, monga zinachitikira kwa miyezi yambiri kuyambira m'chaka cha 2012, mitengo ya zinthu pa Mbamba imakwera nthawi yomweyo, ndipo anthu amaika moyo wawo pa maboti a matabwa odzaza mopitirira muyeso. Bwalo la ndege lilipo, koma limatumikira makamaka alendo odzaona malo ndi akuluakulu a boma. Magetsi kwa nthawi yaitali ankachokera ku injini za dizilo zimene ankazizimitsa usiku, mpaka pamene makina a mphamvu ya dzuwa anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2020.

Kalembera wa 1998 anapeza anthu pafupifupi 8,000 pa zilumba ziwirizi. Wa 2018 anapeza oposa 14,000. Malo sanakule, mtsinje sunatumphuke, ndipo milambe sinasanduke nkhuni. Pamene pankalimidwa chinangwa pakumangidwa nyumba, ndipo magombe ena abwino atengedwa ndi malo ogona alendo. Chotsalira ndi nyanja, koma nsomba za kufupi ndi gombe zachepa chifukwa cha kuchuluka kwa makoka ndi zilimira, choncho asodzi amapita kutali. Utaka sudziwa pangano la ku Lisbon. Msodzi wa ku Makulawe akapalasa kupitirira mamailosi awiri aja, kulowera kulikonse, ngakhale kuzambwe kumene kuli dziko lake, amakhala ali kale m'madzi a Mozambique, ndipo nthawi zina pamabuka mikangano ndi oyang'anira nyanja a kumeneko pa nkhani ya ziphaso ndi maukonde. Mikangano yotere amaikambirana ndi akuluakulu a boma la Likoma ndi anzawo a boma la Lago ku Metangula, aliyense atanyamula malamulo a dziko lake, wina olembedwa m'Chingerezi, wina m'Chipwitikizi, pamene asodzi a mbali zonse ziwiri akudikira panja, akucheza m'Chinyanja chimodzi.